Kamera ya ntchito ndi yothamanga, ma megapixel asiyireni ogulitsa

Mwa anyamata ndi atsikana amene anadutsa m'manja mwathu, alipo angapo amene lero akudyera kamera. Ena amajambula maukwati ndi zinkhoswe, ena amakhala kuseri kwa golo Loweruka masana, ena amathamangira misonkhano kuti agulitse zithunzi ku nyuzipepala. Akatolera kangachepe n'kufuna kusiya kamera yoyambira kuti agule ya akatswiri, onse amakumana ndi funso limodzi: agule ya ma megapixel ambiri koma yochedwa, kapena ya ma megapixel ochepa koma yothamanga? Ambiri amathamangira nambala yaikulu, ndipo ena mwa aphunzitsi anzanga amene amawalangiza amawakankhira komweko. Ine ndikukana. Ngati ntchito yanu ndi yojambula anthu amoyo, amene amayenda, kuvina, kuphethira ndi kumenya mpira, gulani yothamanga. Nkhaniyi si yamasewera ayi, chifukwa ndalama ya kamera yotere wina amaipeza atagulitsa njinga yamoto kapena atakongola ku banki mkhonde, ndipo akasankha molakwika adzalira nayo zaka zambiri.

Tiyambe ndi kuona komwe kusankhaku kunachokera. Mu 2001 kampani ya Nikon inatulutsa makamera awiri ofanana thupi ngati mapasa, D1X ndi D1H. D1X inali ndi ma megapixel 5.3 ndipo inkajambula zithunzi 3 pa sekondi, pamene D1H inali ndi 2.7 koma inkajambula 5 pa sekondi. Nayo Canon inachita chimodzimodzi. EOS-1D ya mu 2001 inali ndi ma megapixel 4 okha koma inkatulutsa zithunzi 8 pa sekondi, ndipo EOS-1Ds ya mu 2002 inali ndi 11 koma inkangokwanitsa zithunzi 3. Mwambo wa mapasawu unapitirira. Mu 2007 Canon inali ndi 1D Mark III ya ma megapixel 10.1 ndi zithunzi 10 pa sekondi, mbale wake ali 1Ds Mark III ya 21.1 ndi zithunzi 5. Chaka chomwecho Nikon inatulutsa D3 ya 12.1 ndi zithunzi 9, ndipo mu 2008 inabwera D3X ya 24.5 ndi zithunzi 5. Mitengo nayo muione: D3 inayamba kugulitsidwa pafupifupi madola 5,000 a ku America, D3X pafupifupi 8,000.

Tsono aphunzitsi a masamu tengani choko. Chulukitsani ma megapixel ndi zithunzi za pa sekondi. D3: 12.1 kuchulukitsa ndi 9, yankho pafupifupi 109. D3X: 24.5 kuchulukitsa ndi 5, yankho 122 ndi theka. 1D Mark III ikupereka 101, ndipo 1Ds Mark III ikupereka 105 ndi theka. Mwaona? Manambala onsewa ndi oyandikana. Zikutanthauza kuti m'zaka zimenezo ubongo wa kamera unkatha kusenza timadontho ta chithunzi pafupifupi 100 miliyoni mpaka 120 miliyoni pa sekondi, basi. Zili ngati mpope umene madzi ake amatuluka mlingo umodzi. Mukafuna, dzazani ndowa zazikulu zochepa, kapena tizigubu tating'ono tambiri, koma madzi ake ndi omwewo. Munthu wogula D3X ankagula mpope womwewo wa D3, n'kuwonjezera madola 3,000 kuti azitungira mu ndowa zazikulu. Ndiye funso loti tiyankhe ndi lakuti ntchito yanuyo ikufuna ndowa yotani.

Megapixel imodzi ndi timadontho 1 miliyoni timene timapanga chithunzi. Osindikiza zithunzi zabwino amawerengera timadontho 300 pa inchi iliyonse, chifukwa pamenepo diso la munthu wogwira pepala m'manja silithanso kuona kadontho pakokha. Tiyeni tiwerenge. Chithunzi cha mu alubamu cha mainchi 4 kwa 6 chimafuna timadontho 1,200 kwa 1,800, amene ndi ma megapixel 2.2. Pepala lathunthu la A4, longa lolembapo mayeso lija, limafuna 2,480 kwa 3,508, kutanthauza ma megapixel 8.7. TV ya Full HD imaonetsa ma megapixel 2, ndipo ya 4K imene anthu amaitama imaonetsa 8.3. Chithunzi cha D3 chili ndi timadontho 4,256 m'litali ndi 2,832 m'lifupi. Mutachitsuka pa A3 n'kuchiika mu felemu pabalaza, chikhala ndi timadontho toposa 240 pa inchi. Ndi mlendo uti adzabwere ndi galasi lokulitsira zinthu kudzawerenga kuti paperewera 60?

Pali chinanso chimene ogulitsa sakuuzani. Kuwirikiza ma megapixel si kuwirikiza kuoneka bwino kwa chithunzi. Timadontho timayalidwa m'litali ndi m'lifupi ngati mapando a chimanga m'munda, choncho mukawirikiza kawiri chiwerengero chonse, mbali iliyonse imangokula ndi square root ya 2, kutanthauza 41 pa 100 iliyonse. D3X ili ndi timadontho 6,048 m'litali, D3 ili ndi 4,256. Kusiyana konse ndi kumeneko. Kuti mbali ikule kawiri pamafunika ma megapixel ochuluka kanayi. Amene munaphunzira za area ku sekondale musandichititse manyazi pamenepa.

Wina anena za chikwangwani cha m'mbali mwa msewu, kuti nanga tsiku lina kampani ikadzafuna chithunzi chake pamenepo? Chikwangwani sachionera pamphuno. Ukatalikira kakhumi, timadontho tofunika pa inchi timachepanso kakhumi. Ngati pa masentimita 30 diso limafuna 300, pa mamita 3 likufuna 30, ndipo pa mamita 30 likufuna 3 tokha. Chithunzi chikamakula, wochiona amabwerera m'mbuyo kuti achione chonse, masamu n'kudzikonza okha.

Izi sindikulota ine. Chakumapeto kwa 2006 David Pogue, amene ankalemba za zipangizo zamakono mu nyuzipepala ya New York Times, anatsukitsa chithunzi chimodzi katatu, pa ma megapixel 5, 8 ndi 13, chilichonse cha mainchi 16 kwa 24. Anaziika poyera mumzinda wa New York kuti anthu odutsa aloze chimene chili ndi timadontho tambiri. Pafupifupi onse analephera. Kale mu 1994 bungwe la atolankhani la Associated Press pamodzi ndi kampani ya Kodak anatulutsa kamera ya NC2000, ya ma megapixel 1.3, ndipo zithunzi zake zinkatuluka m'manyuzipepala anthu n'kumawerenga nkhani osadandaula. Ngakhale Curiosity, galimoto ya bungwe la NASA imene inatera pa pulaneti ya Mars mu 2012, makamera ake ojambula malo m'mitundu ndi a ma megapixel 2. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti njira yotumizira zithunzi kuchokera kumeneko ndi yopapatiza. Aliyense amene amatumiza zithunzi ndi bandulo ya intaneti akulimvetsa vuto limeneli.

Nanga zithunzi zanuzo zimathera kuti? Tinene zoona. Pa mazana a zithunzi za ukwati, zochepa zimatsukidwa kuti zilowe mu alubamu, chimodzi kapena ziwiri zimalowa mu felemu, zotsala zonse zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook, kumene zimapanikizidwa n'kuchepetsedwa zisanafike pa foni ya apongozi. Timadontho tonse timene munagula ndi ngongole tija timatayikira m'njira munthu asanatione.

Tsopano tiwerenge mbali inayo, ya nthawi. Penate imamenyedwa pa mtunda wa mamita 11. Tiyerekeze kuti mpira wachoka pa phazi pa liwiro la makilomita 100 pa ola, amene ndi mamita pafupifupi 28 pa sekondi. Ufika pa golo m'masekondi 0.4. Kamera ya zithunzi 5 pa sekondi ikupatsani zithunzi ziwiri m'kanthawi kameneko, ndipo pakati pa chithunzi china ndi chinzake mpira umakhala utayenda mamita oposa 5, theka la ulendo wonse. Ya zithunzi 9 ikupatsani zitatu kapena zinayi. Ya zithunzi 12, monga Canon 1D X imene inafika pamsika mu 2012, ikupatsani pafupifupi zisanu. Chithunzi chimene mkonzi wa nyuzipepala akufuna ndi chimodzi chokha, mpira uli kunsonga kwa zala za goloboyi. Chimenecho chikagwera pa mpata, mwatsala ndi zithunzi ziwiri zokongola za ma megapixel 24, china goloboyi asanadumphe, china mpira uli kale mu ukonde. Wozigula palibe.

Pamene Usain Bolt anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, ankadutsa mamita oposa 10 pa sekondi iliyonse. Kwa kamera ya zithunzi 5 pa sekondi, munthuyo akusuntha mamita awiri pakati pa chithunzi ndi chinzake. Simufunika kupita ku Berlin kuti muzione zimenezi. Imani pambali pa bwalo la ntchemberembaye atsikana akulimbirana mpira m'mwamba, kapena pabwalo la ingoma amuna akamatsika ndi phazi fumbi n'kukwera. Kanthawi kamene thupi lonse lili pamalo oyenera ndi kochepa kuposa kuphethira.

Aphunzitsi a mbiri akumbukire Eadweard Muybridge. Mu 1878 ku Palo Alto, m'chigawo cha California, anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira kuti azijambula motsatizana hatchi ikamadutsa. Funso linali lakuti kodi pali nthawi imene ziboda zonse zinayi za hatchi yothamanga zimakhala m'malere. Tizithunzi take tinali tating'ono, hatchiyo ikungooneka bii ngati mthunzi, koma funsolo linayankhidwa. Inde zimakhala m'malere, ndipo zimatero miyendo itapindikira pansi pa mimba, osati itatambasuka monga ankaonetsera anthu ojambula pamanja. Chithunzi chimodzi chachikulu choonetsa ubweya uliwonse wa hatchi itaima sichikanaphunzitsa munthu kanthu.

Mwina mukuti inu simujambula mpira kapena mahatchi, mumajambula maukwati. Ukwatitu ndiye ndi woopsa kuposa mpira, chifukwa mpira uli ndi chigawo chachiwiri komanso masewero a sabata yamawa, pamene mphete imavekedwa kamodzi. Simungauze abusa kuti abwereze. Misozi ya mayi a mkwatibwi imatsika kamodzi, ndipo amalume akadumpha pa perekaniperekani ndalama zikuuluka, sadzadumphanso chimodzimodzi. Madzi akatayika saoleka. Palinso nkhani ya kuphethira. Mu 2006 Nic Svenson ndi Piers Barnes a ku Australia analandira mphotho ya Ig Nobel, ija ya kafukufuku woseketsa koma woganizitsa, chifukwa chowerengera zithunzi zimene munthu ayenera kujambula kuti pa gulu pasapezeke wotsinzina. Yankho lawo linali lakuti pa gulu la anthu osafika 20, gawani chiwerengero chawo ndi 3 ngati kukuwala bwino, kapena ndi 2 ngati kuli kamdima. Banja la anthu 18 mu holo ya kamdima likufuna zithunzi 9. Kamera yothamanga imamaliza zimenezo m'masekondi owerengeka, agogo asanatope kuima ndipo ana asanabalalike.

Ndikamanena liwiro sindikunena zithunzi za pa sekondi zokha. Pali buffer, kankhokwe kamene kamasunga zithunzi podikira kuti zilembedwe pa memory card. D1X ija inkadzaza kankhokweka itajambula zithunzi 9, pamene D1H inkafika 40. Kakadzaza, kamera imayamba yaima, inu n'kumadina batani pachabe akwati akutuluka m'tchalitchi. Palinso autofocus, imene imalunjikitsa lenzi pa munthu ndi kumutsatira akamayenda. Ndikudziwa kuti wina andikumbutsa za Canon 5D Mark II ya mu 2008, ya ma megapixel 21 ndi zithunzi zosakwana 4 pa sekondi, imene ojambula maukwati ambiri padziko anaikonda. N'zoona. Koma taonani chimene Canon inachita potulutsa 5D Mark III mu 2012. Ma megapixel inangowonjezera imodzi, kufika 22. Malo a autofocus osankhika inawachotsa pa 9 kufika pa 61, ndipo zithunzi za pa sekondi zinakwera kufika 6. Kampaniyo inamva chimene ogwira ntchito ankalira, ndipo sankalira timadontho.

Kenako pali mdima. Holo zathu zambiri mukuzidziwa, mababu angapo kudenga, magetsi akathima n'kudalira jenereta. Kuti chithunzi cha munthu wovina chisakhale cha mbuu, shutter, kachitseko kolowetsa kuwala kaja, kayenera kutseguka ndi kutseka msanga, ndipo kuti katero kamera iyenera kukweza ISO, mlingo wa mmene imamvera kuwala. ISO yokhazikika ya D3X inkathera pa 1,600. Ya D3 inkafika 6,400, ndipo ya D3S ya mu 2009 inkafika 12,800. Kuchoka pa 1,600 kufika pa 6,400 ndi kanayi, kutanthauza kuti pamalo pamene D3X ikukupatsani 1/125 ya sekondi, D3 ikupatsani 1/500. Pa 1/125 manja a wovina amasanduka utsi, pa 1/500 zala zake zimawerengeka. Makamera atsopano anachepetsa kusiyana kumeneku, ndipo chithunzi cha ma megapixel ambiri chikachepetsedwa, timchenga take timachepanso. Koma timchenga mukhoza kutikonza pa kompyuta. Chithunzi chogwedezeka palibe sing'anga wake.

Ma megapixel alinso ndi msonkho umene sulembedwa pa katoni. Chithunzi cha RAW cha 14-bit chisanapanikizidwe, pa ma megapixel 12 chimalemera pafupifupi 21 MB, pa 24 chimafika 42 MB, ndipo pa 45 chimayandikira 80 MB. Chulukitsani ndi zithunzi 1,000 za ukwati umodzi. Mukufunika ma memory card ambiri, hard disk yaikulu, ndi laputopu yamphamvu, apo bii mudzagona pa mpando kudikira kuti chithunzi chimodzi chitseguke, batire ikutha magetsi kulibe. Kuwonjezera apo, timadontho tambiri timafuna lenzi yabwino kwambiri ndi dzanja losanjenjemera. Mukaika lenzi yotchipa pa kamera ya ma megapixel 36, chimene mwapindula ndi kuona zolakwika za lenziyo mokulirapo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikufuna kuthawa zimene otsutsa amanena, chifukwa zina n'zomveka. Choyamba amati ma megapixel ambiri amakulola kudula chithunzi, kutenga kachigawo kakang'ono n'kukakulitsa. Eya, zimenezo n'zoona, ndipo ndi phindu lenileni. Nikon D800 ya mu 2012, ya ma megapixel 36, mutadula n'kutsala ndi pakati pokha mumatsalabe ndi oposa 15. Koma mumadula chithunzi chimene mwachigwira. D800 inkajambula zithunzi 4 pa sekondi, ndipo ngati mpira unadutsa pa mpata, dulani mmene mungadulire simuupeza. Pa ukwati vuto la kutalikira limatha ndi miyendo. Sunthani, yandikirani. Pa mpira limatha ndi lenzi yaitali.

Chachiwiri amati wojambula weniweni safuna kamera yolira ngati mfuti, amadikira n'kudina kamodzi. Amatchula Neil Leifer, amene pa 25 May 1965 ku Lewiston, m'chigawo cha Maine, anajambula Muhammad Ali ataimirira pamwamba pa Sonny Liston, ndi kamera ya Rolleiflex yochita kupukusa filimu pamanja. Ndimamulemekeza. Koma tamverani chimene anthu amatama pa chithunzi chimenecho. Amatama nkhope ya Ali, mkono wake, ndi kanthawi kamene kanagwidwa. Mboni imene mwaitanayi ikuikira umboni ine, kuti chuma cha chithunzi ndi nthawi. Ndiponso akatswiri a nthawi ya filimu sankanyoza liwiro. Mu 1984 Canon inapangira ojambula masewera kamera yapadera ya F-1 yojambula zithunzi 14 pa sekondi, yomaliza filimu ya zithunzi 36 m'masekondi osakwana atatu. Diso lodziwa kudikira ndi lofunika, ndipo kamera yothamanga m'manja mwa munthu wosadziwa mpira ingomudzazira khadi ndi zinyalala. Koma diso labwino likakumana ndi kamera yothamanga, mwayi umachepa ntchito. Munthu wodya ndi kamera sangadalire mwayi Loweruka lililonse.

Chachitatu amati mkanganowu ndi wakale, makamera a masiku ano amachita zonse ziwiri. Mpope uja unakuladi. Sony A1 ya mu 2021 ili ndi ma megapixel 50 ndi zithunzi 30 pa sekondi, ndipo Nikon Z9 ya chaka chomwecho ili ndi 45.7 ndi zithunzi za RAW 20 pa sekondi. Koma A1 inatuluka pa mtengo wa madola pafupifupi 6,500, Z9 pafupifupi 5,500, popanda lenzi. Amene muli nazo ndalama zimenezo gulani, nkhani ino si yanu. Ambiri mwa achinyamata athu amagula pa kaunjika, makamera amene anagwirako kale ntchito kunja, ndipo kumeneko mapasa aja akadali pamzere: D3S kapena D3X, D4 kapena D800, 1D X kapena 5DS ya mu 2015, ya ma megapixel 50 ndi zithunzi 5 pa sekondi. Komanso taonani chimene makampaniwo amapangira akatswiri a masewera ndi atolankhani. Pamene Canon inaphatikiza mapasa ake kukhala kamera imodzi ya 1D X, inasankha ma megapixel 18, ochepera 21 a 1Ds Mark III. Nikon D6 ya mu 2020 ili ndi 20.8. Sony A9 III, imene inalengezedwa mu 2023, ili ndi 24.6 ndi zithunzi 120 pa sekondi. Canon EOS R1 ya mu 2024, kamera yawo yapamwamba, ili ndi 24 ndi zithunzi 40 pa sekondi. Makampaniwa amatha kupanga 50, ndipo amapanga. Kwa anthu amene amadya pokhapokha chithunzi chikafika kwa mkonzi msanga, amapanga 24.

Alipo amene kamera ya timadontho tambiri ndi yawo, ndipo sindiwalanda. Munthu wojambula zikalata zakale, mapu ndi zojambula pamanja kuti zisungidwe akufunika kadontho kalikonse. Chimodzimodzi wojambula katundu wa malonda mu situdiyo, kapena wojambula phiri la Mulanje kuti chithunzicho chidzaze khoma la hotela kumene anthu adzachionera pafupi. Wojambula mbalame ku Liwonde, amene sangayandikire, amapindula ndi kudula. Ambiri mwa anthu amenewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: chojambulidwacho sichithawa, kamera imakhala pa tripod, ndipo akalakwitsa amabwereza. Ngati ndalama yanu yambiri imachokera ku ntchito zotere, gulani D800 kapena 5DS ndi mtima umodzi. Koma werengani ntchito zimene munagwira chaka chathachi, osati zimene mumalota. Ngati pa ntchito khumi zisanu ndi zinayi zinali za anthu oyenda, musagule kamera chifukwa cha imodzi yotsalayo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nanga n'chifukwa chiyani nambala ya ma megapixel ili ndi mphamvu chonchi pa ife? Chifukwa ndi yosavuta kugulitsa. Mwana aliyense amadziwa kuti 36 ndi yaikulu kuposa 16. Kufotokoza mmene autofocus imatsatirira munthu mumdima kumafuna nthawi ndi chidziwitso, ndipo wogulitsa ambiri alibe zonse ziwiri. Mafoni ndiwo anaulula chinsinsi. Nokia 808 ya mu 2012 inalengezedwa ndi ma megapixel 41, koma mukangoitenga n'kujambula inkapereka chithunzi cha 5. Samsung Galaxy S23 Ultra ya mu 2023 inalembedwa 200, koma mukapanda kusintha kalikonse imaphatikiza timadontho 16 kukhala kamodzi n'kukupatsani chithunzi cha pafupifupi 12. Nambala yaikulu ndi ya pa katoni, yaing'ono ndi imene akatswiri a kampaniyo anaona kuti imatulutsa chithunzi chabwino tsiku ndi tsiku. Ife aphunzitsi, amene timakalipira ana kuti asamangoloweza nambala osafunsa tanthauzo lake, tisakhale oyamba kugwa m'mbuna yomweyo.

Kwa inu amene mukupita pa kaunjika, nawa malangizo anga. Kamera iliyonse ya ma megapixel 12 mpaka 24 ikukwanirani pa ukwati, mpira ndi nyuzipepala. Mukatsimikiza zimenezo iwalani za nambalayo, funsani zina. Imajambula zingati pa sekondi, ndipo imafika zingati isanaime? Autofocus yake imagwira mumdima? Yesani m'chipinda chotseka makatani, mnzanu akuyenda kubwera kwa inu. Funsani chiwerengero cha zithunzi zimene shutter yajambula kale, chifukwa kamera yothamanga imene inali m'manja mwa wojambula masewera imakhala itagwira ntchito yakalavulagaga. Shutter ya D3 inayesedwa kufika 300,000, ya D4 ndi 1D X kufika 400,000, ndiye ikakhala yayandikira pamenepo mtengo utsike. Onaninso ngati mabatire ndi makhadi ake mungawapeze. Ndalama yotsala ikani pa lenzi yolowetsa kuwala kwambiri, ya f/2.8 kapena f/1.8, chifukwa lenzi yabwino idzakhalapo kamera zitatu zitatha.

Amene simukugwirizana nane, ndikupemphani chinthu chimodzi chokha. Tsukitsani zithunzi ziwiri pa A4, china cha ma megapixel 12, china cha 36, mukaziike pa tebulo la mu staff room popanda kulemba kanthu kuseri koonekera, anthu asankhe. Kenako mufunse mkwatibwi aliyense amene mukumudziwa ngati anayamba wabweza zithunzi chifukwa timadontho tinachepa. Amene amabweza, amabweza chifukwa mphete sinaoneke, maso anali otsinzina, kapena bambo ake anatuluka a mbuu. Mukapeza wodandaula za timadontho mundiuze, ndikufuna ndimuone.